Kukonza Denga Lolendewera la Khitchini, Khola ndi Chigafa Popanda Ngozi

Pamakomo ambiri m'Malawi muno, kuseri kapena pambali pa nyumba yogonamo pamakhala tinyumba tina monga khitchini, bafa, khola la mbuzi kapena nkhuku, chigafa choumitsiramo fodya ndi kanyumba kosungiramo makasu ndi matumba a chimanga, ndipo kawirikawiri tinyumba timeneti timamangidwa ndi zotsala za nyumba yaikulu, zomwe ndi mitengo imene mmisiri anaikana chifukwa choonda, malata akale ochotsedwa kwina, ndi njerwa kapena zidina zomangidwa ndi dothi lokha. N'chifukwa chake denga limene limayamba kulendewera pakhomo nthawi zambiri limakhala la tinyumba totere, ndipo popeza simugona munthu, eni ake amazengereza kulikonza chaka ndi chaka mpaka mvula ya mu Januwale kapena Febuluwale italigwetsa. Kuzengereza kumeneku n'kodetsa nkhawa, chifukwa m'khitchini ndi mmene amayi ndi ana amakhala maola ambiri pa tsiku moto ukuyaka, ndipo m'khola ndi m'chigafa ndi mmene muli chuma cha banja. Ngozi ina imadza pa tsiku lokonza lenilenilo, pamene mwini nyumba atenga makwerero ndi hamala n'kukwera pamwamba pa denga limene likulephera kale kudzinyamula lokha. Denga lolendewera limakonzedwa kuchokera pansi, ndipo palibe mtengo umene uyenera kudulidwa kapena msomali umene uyenera kuzulidwa katundu wa dengalo asanasamutsidwire pa michirikizo yodalirika.

Kuti zimenezi zimveke bwino, m'pofunika kudziwa njira imene kulemera kwa denga kumadutsa kuti kukafike pansi. Malata kapena udzu zimakhala pa mitengo yopingasa, mitengo yopingasayo imakhala pa mapaso, amene ndi mitengo yotsetsereka kuchokera pamsonga kufika pakhoma, ndipo mapasowo amatsamira kumwamba pa mgomba, mtengo wautali woyenda pamsonga pa denga, pamene kumunsi amakhala pa thabwa logona pamwamba pa khoma kapena pa nsanamira. Denga la mbali ziwiri lili ndi khalidwe limene anthu ambiri salidziwa, lakuti mapaso akalemedwa sakanikiza pansi pokha koma amakankhiranso makoma kunja, ndipo chimene chimaletsa kukankhako ndi mtanda, mtengo wogona umene umalumikiza mapazi a mapaso awiri oyang'anizana. Mapaso awiri ndi mtanda wawo amapanga chimango cha ngodya zitatu chimene amisiri amachitcha thirasi, ndipo chimango chotere sichisintha maonekedwe ake pokhapokha mtengo umodzi utathyoka kapena mfundo imodzi itamasuka. M'tinyumba tapakhomo mtanda umenewu kawirikawiri kulibe, kapena unadulidwa kuti anthu asamagundepo mutu, kapenanso misomali yake inazuka, ndipo zikatero msonga umatsika pamene makoma akutanuka pang'onopang'ono. Munthu akaona mgomba utapindika pakati ngati msana wa ng'ombe yokalamba, ayenera kuyamba wayang'ana makoma a m'mbali, chifukwa khoma limene lapendekera kunja kapena lang'ambika pakona likusonyeza kuti vuto lafika kale patali kuposa mtengo umodzi wopindika.

Chifukwa china chofala ndi kuonda kwa mitengo poyerekeza ndi mtunda umene ikudumpha, ndipo pano masamu a akatswiri a zomangamanga amapereka ziwerengero zoyenera kuzisunga pamtima. Mtengo umene wanyamula katundu wofanana pa mita iliyonse umapindika kuwirikiza ka 16 ngati mtunda wa pakati pa malo awiri amene watsamira wawirikizidwa kawiri, kutanthauza kuti phaso limene linali bwinobwino pa khitchini ya mamita awiri silingagwire ntchito yomweyo pa chigafa cha mamita anayi. Kaikidwe ka thabwa nakonso n'kofunika, popeza thabwa la mamilimita 50 ndi 150, limene ogulitsa amalitcha thu bayi sikisi, likaimikidwa cham'mbali limakana kupindika kuwirikiza ka 9 kusiyana ndi likagonekedwa chafulati. Pa mitengo yobulungira ya bulugamu, umene ndi wa masentimita 10 m'mimba mwake umakana kupindika pafupifupi katatu kuposa wa masentimita 7.5, ngakhale kuti pamsika iwiriyi imaoneka yosasiyana kwenikweni. Pamwamba pa zimenezi pali khalidwe lina la mtengo, lakuti ukanyamula katundu kwa zaka zambiri umapitiriza kupindika pang'onopang'ono ngakhale katunduyo asawonjezeke, ndipo umatero kwambiri ngati unakhomedwa uli wauwisi. Matabwa a paini ochokera m'nkhalango zobzalidwa monga ya Chikangawa kumapiri a Viphya nthawi zina amafika pamsika asanaume, ndipo bulugamu wodulidwa pamunda amaikidwa padenga sabata yomweyo, motero amauma atapindika kale n'kukhazikika m'maonekedwe amenewo.

Katundu amene denga limasenzetsedwa amawonjezera vutoli. Miyala, njerwa ndi matayala amene amaikidwa pamalata poopa mphepo amakhala pamenepo usana ndi usiku, maungu ndi makaka zimayanikidwa padenga la khitchini, ngala za chimanga chambewu zimapachikidwa pa mtanda, ndipo m'chigafa fodya wamuwisi wodzaza pa mikangala amalemera kwambiri kuposa mmene adzalemerere akauma. Udzu watsopano ukamangoyalidwa pamwamba pa wakale chaka chilichonse, dengalo limanenepa, ndipo likanyowa limasunga madzi amene lita iliyonse imalemera kilogalamu imodzi. Denga laudzu limafuna kutsetsereka kwa madigiri 45 kapena kuposerapo kuti madzi azitsika msanga, choncho pamalo pamene latsika madzi amachedwapo, udzu umaola, kulemera kumakula, ndipo dengalo limatsikanso.

Chiswe ndi chinyezi ndiwo adani amene ntchito yawo siioneka msanga. Chiswe chimachokera m'nthaka, chimakwera khoma kudzera m'tinjira ta dothi timene chimamanga, ndipo chikalowa mumtengo chimadya m'kati n'kusiya khungu lopyapyala la kunja, kotero kuti phaso looneka lathunthu limatha kuphwanyika ndi dzanja. Kuola kumayambitsidwa ndi nkhungu imene imakula pamene mtengo ukukhala wonyowa nthawi yaitali, makamaka pansi pa bowo la msomali lomwe likudontha ndi kumapazi a mapaso kumene mtengo wakwiriridwa m'khoma. Kuyesa kwake n'kosavuta ndipo kumachitika munthu ali pansi kapena pa makwerero afupi. Mtengo uliwonse umagogodedwa ndi hamala mopepuka, ndipo wabwino umalira mouma pamene wodyedwa umalira ngati muli mphako. Kenako nsonga ya sikuludiraiva imakanikizidwa pamalo okayikitsa, ndipo ikalowa mosavuta, kapena pakatuluka dothi ndi ufa, ndiye kuti mtengowo sungadaliridwenso. Chingwe cha omanga chikakokedwa mwamphamvu kuchokera kumapeto ena a mgomba kufika kwina, mpata wa pakati pa chingwe ndi mtengo umaonetsa kukula kwa kulendewerako, ndipo ndi nzeru kulemba muyeso umenewu pakhoma ndi khala kuti udzayerekezedwe ndi wa m'tsogolo.

Kuyendera kumeneku ndiko kumasonyeza ngati dengalo n'lokonzeka kapena liyenera kuphwasulidwa. Ngati mitengo yoonongeka ndi iwiri kapena itatu ndipo makoma ali chilili, kukonza n'kotheka. Koma ngati chiswe chafika pa mapaso ambiri, kapena khoma lapendekera kunja moonekeratu, kapena dothi la pansi pa thabwa la pakhoma lasungunuka, njira yotetezeka ndi yotsika mtengo m'kupita kwa nthawi ndiyo kusasula denga lonse mwadongosolo, kusunga malata abwino, kukonza khoma ndi kumanganso. Mvula yosalekeza ya namondwe Freddy, imene inagwa m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, inaonetsa poyera mmene makoma omangidwa ndi dothi amafewera akanyowa masiku angapo, ndipo khoma lofewa silingapirire kukankhidwa kumene kumachitika denga likamakwezedwa. Denga la mapepala a asibesitosi, amene amapezekabe pa nyumba zina zakale, ndi nkhani ina payokha, chifukwa mapepalawa amasweka mwadzidzidzi munthu akapondapo, ndipo fumbi lake likapumidwa limayambitsa matenda a m'mapapo, kuphatikizapo khansa, amene amaonekera patapita zaka zambiri. Mapepala otere sayenera kudulidwa, kubooledwa kapena kupalidwa, ndipo ntchito yake ndi ya anthu odziwa kuwachotsa ali athunthu ndi onyowetsedwa.

Nthawi yabwino yogwira ntchitoyi ndi yachilimwe, kuyambira mu Meyi kufika mu Okutobala, pamene mitengo ndi makoma zauma ndipo denga likhoza kukhala lotsegula masiku angapo. Ndi bwino kuyamba m'mawa kusanatenthe ndi kusiya mphepo ikayamba, popeza lata limene munthu wanyamula pamwamba likagwidwa ndi mphepo limatha kumukokera pansi kapena kumucheka. Ntchito isanayambe m'kanyumbamo mumatulutsidwa chilichonse, ziweto zimasamutsidwa, moto umazimitsidwa, ana amauzidwa malire amene sayenera kudutsa, ndipo zisa za mavu kapena njuchi zimachotsedwa dzulo lake, chifukwa munthu wolumidwa ali pa makwerero amaiwala pamene waima. Waya wamagetsi wopita ku khitchini kapena ku khola la nkhuku uyenera kuzimitsidwa pa switchi yaikulu ya m'nyumba, koma waya wochokera pa pholo la ESCOM kufika pa mita sazimitsika ndi switchi imeneyo, choncho ngati wadutsa pafupi ndi dengalo, malata ndi makwerero achitsulo zisayandikire mpaka a bungwelo atathandizapo. Miyala ya padenga imatsitsidwa ndi munthu woima pa makwerero otsamira pakhoma lolimba, pogwiritsa ntchito mtengo wokokera, osati ndi munthu woyenda pamalata. Makwererowo amaimikidwa motalikira khoma mita imodzi pa mamita anayi alionse a kutalika, amapitirira m'mphepete mwa denga ndi pafupifupi mita imodzi, ndipo munthu wachiwiri amawagwira pansi. Ntchito imeneyi si ya munthu mmodzi.

Kuchirikiza ndiye mtima wa ntchito yonse ndipo kumafuna kudekha. Mchirikizo ndi nsanamira yosakhalitsa imene imanyamula denga pa nthawi yokonza, ndipo uyenera kukhala mtengo wouma, wowongoka, wopanda ming'alu, wosachepera masentimita 10 m'mimba mwake pa kanyumba ka msinkhu wamba. Suimikidwa pa dothi kapena pa simenti yopyapyala mwachindunji, koma pa thabwa lochindikala ndi lalikulu logonekedwa pamalo osalazidwa, kuti kulemera kumwazike ndipo mtengowo usatitimire. Pamwamba pake pamaikidwa thabwa lolimba loimikidwa cham'mbali, lodutsa pansi pa mapaso angapo nthawi imodzi, kuti mphamvu isagwere pa phaso limodzi lofooka. Michirikizo imaima chilili poyesa ndi levulo kapena chingwe chomangirira mwala, ndipo imalumikizidwa ndi matabwa okhomedwa mopingasa kuti umodzi usagwe paokha. Pansi pa mchirikizo uliwonse pamalowetsedwa timatabwa tiwiri tosongoka mbali imodzi, toyang'anizana, timene tikamenyedwa mosinthana timakweza mchirikizowo pang'onopang'ono mpaka utagwira denga. Woyamba umaimikidwa pafupi ndi khomo, ndipo enawo amatsatira kulowa m'kati, kuti wogwira ntchito nthawi zonse akhale pansi pa mbali imene yachirikizidwa kale ndiponso njira yotulukira ikhale yotsegula kumbuyo kwake.

Pokweza denga ambiri amabwereka jeke wa galimoto, ndipo jeke wamafuta wooneka ngati botolo amagwiradi ntchitoyi, koma ali ndi zoopsa ziwiri zofunika kuzidziwa. Choyamba n'chakuti mtengo woimikidwa pamutu pa jeke umakhala pa kachitsulo kakang'ono, ndipo ukapendekeka pang'ono chabe umatha kufwamphuka mwamphamvu n'kuvulaza amene ali pafupi. Pofuna kupewa zimenezi pakati pa jeke ndi mtengo pamaikidwa chitsulo chafulati chochindikala, mtengowo umamangiriridwa kumwamba kuti usagwe, ndipo wopopa amakhala chapambali, osaika nkhope pafupi. Chachiwiri n'chakuti jeke wamafuta amatsika yekha pang'onopang'ono, motero ntchito yake ndi kukweza kokha, pamene kusunga katundu ndi ntchito ya michirikizo. Denga limakwezedwa mamilimita ochepa, timatabwa ta pansi pa michirikizo timamenyedwa kuti tigwire, ntchito imaima kaye, ndipo amisiri amamvetsera ndi kuyang'ana makoma ndi mfundo zonse. Kulira pang'ono kwa misomali ndi malata n'kwachibadwa, koma phokoso la mtengo ukung'ambika, dothi likuyoyoka pakhoma kapena mng'alu ukukula ndi chizindikiro chakuti onse atuluke. Mtengo umene wapindika kwa zaka khumi sungawongoledwe m'ola limodzi, ndipo kugawa kukwezako pa masiku angapo kumachepetsa kuthyoka. Pa khola kapena khitchini palibe chifukwa chokakamira kuti msonga uwongoke ndendende, chifukwa chofunika n'chakuti denga lileke kutsika ndipo madzi azitsetsereka osaima. Masentimita ochepa otsala ndi nkhani ya maonekedwe chabe, ndipo kuwalimbira ndiko kumathyola mitengo ndi kugwetsa makoma.

Denga likafika pamene likufunika, phaso lofooka limalimbitsidwa poliphatika ndi thabwa latsopano m'mbali mwake. Thabwalo liyenera kukhala louma, losachepera msinkhu wa lakale, ndipo njira yodalirika ndi yakuti liyende utali wonse kuchokera pa mgomba kufika pakhoma, kuti nalonso litsamire pamalo olimba. Pafupifupi thabwa lililonse limakhala ndi kupindika kwake pang'ono, ndipo mbali yotukuka imayang'anitsidwa kumwamba kuti katundu aziliwongola. Mabawuti a mamilimita 10 kapena 12 okhala ndi mawashala aakulu, oikidwa mosinthana m'mwamba ndi m'munsi koma osayandikira m'mphepete, amagwira bwino kuposa misomali, ndipo pa denga lofooka ali ndi ubwino wina wakuti safuna kumenya kumene kumagwedeza chimango chonse. Bulugamu wouma amang'ambika msanga akakhomedwa msomali pafupi ndi nsonga, choncho ndi bwino kuyamba waboola kabowo kocheperako. Mtengo umene uli ndi chiswe kapena waola suphatikidwa n'kusiyidwa momwemo, koma mbali yonse yodwalayo imadulidwa mpaka pa mtengo wabwino, thabwa latsopanolo litagwira kale, chifukwa kuusiya ndi kupatsa chiswe njira yolowera m'thabwa latsopano.

Kulimbitsa mapaso kokha sikuthetsa vuto ngati chimene chinawafooketsa chikadalipo. Pamene panalibe mitanda, iyenera kuikidwa m'munsi, pafupi ndi mapazi a mapaso, denga likadali pa michirikizo, popeza thabwa lalifupi lokhomedwa pafupi ndi msonga silitha kuletsa makoma kutanuka. Pamene mtunda ndi wautali, njira yotsika mtengo koposa ndiyo mzati wokhazikika pakati pa mgomba kapena mtengo wina wogona pansi pa mapaso pakatikati pa utali wawo, chifukwa kudula mtunda pakati kumachepetsa kupindika kuposa kakhumi, ndipo m'khola kapena m'chigafa mzati wowonjezera susokoneza kanthu. Mzati wotere umaikidwa pa phazi la konkire lotukuka pamwamba pa nthaka, kuti chinyezi chisaufike ndiponso tinjira ta chiswe tizioneka msanga. Thabwa la pakhoma limamangiriridwa ndi waya wochindikala kapena lamba wachitsulo wolowa mizere ingapo ya njerwa pansi pake, ndipo phaso lililonse limamangiriridwa ku thabwalo. Kumanga kotereku ndiko kumateteza denga ku mphepo, ndipo kukachitika bwino miyala ija siyeneranso kubwerera pamwamba.

Malata amene anachotsedwa pokonza amabwezeretsedwa kumapeto, chimango chitalimba. Ngati kukwera n'kosapeweka, wokwera amayala thabwa lalitali lodutsa mitengo yopingasa ingapo n'kumayenda pamenepo, ndipo sapondapo pakati pa mizere ya misomali, makamaka pa malata opyapyala a geji 30 kapena 32, popeza nambala ya geji ikamakula lata limakhala lopyapyala. Malata a khitchini ndi a khola amadyeka ndi dzimbiri kuchokera kunsi chifukwa cha utsi ndi mpweya wa ndowe, motero amatha kuoneka abwino pamwamba ali otheratu. Misomali ya malata imakhomedwa pamwamba pa mzere wotukuka, osati m'ngalande mmene mumadutsa madzi, ndipo mabowo akale amatsekedwa kuti asadonthezerenso pa mitengo yatsopano. Magolovesi ochindikala ndi nsapato zotseka n'zofunika pa gawo limeneli, ndipo bala la msomali kapena lata, ngakhale laling'ono, liyenera kutsukidwa bwino ndi kukaonetsedwa kuchipatala chifukwa cha kafumbata.

Mitengo yatsopano imapakidwa mankhwala oteteza ku chiswe, monga Solignum, isanakwezedwe, makamaka kumapeto kumene yadulidwa, pamalo podutsa mphepo ndi kutali ndi chakudya. Oilo wakutha wa galimoto, amene ambiri amapaka chifukwa chosavuta kupeza, ali ndi zinthu zoipa pakhungu ndi m'nthaka ndipo amakoleza moto, choncho sayenera kugwiritsidwa ntchito m'khitchini kapena mosungira chakudya. Matabwa obiriwira amene analowetsedwa mankhwala kufakitale amakhalitsa, koma ambiri mwa iwo ali ndi poizoni wa aseniki, ndipo zidutswa zake siziyenera kusonkhezedwa pamoto wophikira chifukwa utsi ndi phulusa lake n'zoopsa.

Michirikizo imachotsedwa mabawuti onse atamangidwa ndipo konkire ya pansi pa mzati itakhala masiku osachepera 7. Timatabwa ta pansi timamasulidwa pang'onopang'ono, mchirikizo umodzi pa nthawi, kuyambira m'kati kutulukira kukhomo, kuti katundu abwerere pa mitengo yatsopano mosadzidzimutsa. Chingwe chimakokedwanso pansi pa mgomba ndipo muyeso watsopano umalembedwa, kenako umayesedwanso patatha mwezi umodzi ndiponso mvula yoyamba yamphamvu itagwa, ndipo pa nthawi yomweyo mabawuti amamangidwanso chifukwa matabwa akamapitiriza kuuma amafota n'kuwasiya olobodoka. Kutsika kwa mamilimita ochepa m'masabata oyamba n'kwachibadwa pamene mfundo zikukhazikika, koma ngati mpatawo ukukulabe pa muyeso wachiwiri ndi wachitatu, michirikizo iyenera kubwezeretsedwa tsiku lomwelo, anthu ndi ziweto asalowemo, ndipo aitanidwe kalipentala wodziwa za madenga kuti aonenso makoma ndi maziko.